Ndewu Yoti Ndipite Nayo Kumudzi

Germiston, 10 Malichi 2024

Amake Leah,

Dzina la mlongo wanu Geresomo ndiyambe ndalitchula kuti lichoke pakhosi, kenako tilonjerane. Ndalitchula. Tsopano muli bwanji kumeneko ku Chapananga, inu ndi Leah ndi adzukulu? Ine kuno ndadzuka, kupatula kachifuwa ka m'mawa.

Nkhani ndi iyi. Abwana agulitsa mafulati amene ndimasesa ndi kuthirira maluwa. Ogulawo akuti ali ndi anthu awo. Ntchito yanga ithera mu Disembala, ndipo pa msinkhu wangawu palibe amene angandilembe ina. Ndiye kuti ndikubwera. Osati ngati kale, kudzabisala m'nyumba masiku ochepa n'kubwerera, koma kudzakhala.

Pafoni munati, "Bwerani, anthu anaiwala." Anthu ake ati? Inu tsiku lija simunalipo, munali kunyumba Leah ali kumsana, munangomva. Ng'ombe yotsiriza ya lobola yanu inafa itangokhala pang'ono m'khola la kwanu. Pochoka kwathu inali yabwinobwino, ndipo ndidzanena zomwezi mpaka m'manda. Geresomo nkhaniyo sanapite nayo kwa ankhoswe. Anadikira tsiku la dibi, amuna a midzi yonse atasonkhana ndi ng'ombe zawo. Anabwera akumwetulira, anawerama ngati akutola kanthu, n'kundigwira miyendo yonse iwiri, n'kundiponya m'madzi a mankhwala muja. Amvekere, "Uyunso ali ndi nkhupakupa!" Ana amene ankandikuwiza panjira kuti Nkhupakupa, lero ndi madoda a ndevu. Ndiwo mukuti anaiwala?

Choncho ndaganiza zophunzira ndewu. Musaseke. Sindikufuna kupha mlamu wanga, ndi malume a ana anga. Ndikungofuna kuti tikadzakumana pamsika, iye n'kuweramanso, adzapeze kuti Kaitano wake uja anasintha. Popanda zimenezo sindikuona kuti ndidzafika bwanji pamudzipo.

Vuto ndi lakuti kuno ndewu amagulitsa ngati nsalu, mitundumitundu. Humphrey wa ku Nsanje, amene timagawana chipinda, wandionetsa pafoni: karate, nkhonya, judo, ina ya ku Brazil, ina akuti ya asilikali. Aliyense akuti yake ndiye yeniyeni, za anzake ndi magule chabe. Ndamufunsa Humphrey kuti yabwino ndi iti. Akuti, "Madala, ya msinkhu wanu ndi bawo."

Mundiuze, Geresomo akadali ndi thupi lija? Akumasenzabe thumba yekha?

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa Elias wa thiraki. Mbuzi yaikazi yamawanga ija musagulitse, ngakhale mapira akanike.

Ndine mwamuna wanu,
Kaitano


Germiston, 14 Epulo 2024

Amake Leah,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndilipo. Takhuta, zikomo chifukwa cha bwemba amene munatumiza, Humphrey wamaliza theka ine ndili kuntchito.

Ndasankha karate, chifukwa ndiyo ili pafupi, mu holo ya tchalitchi china kuseri kwa renki ya matekisi. Ndi marandi 300 pamwezi, ndiye zimene mulandire zichepako. Anandigulitsanso zovala zoyera ngati za ubatizo, ndi lamba woyera. Amene ndimaima nawo pamzere ndi ana, wamkulu mwa iwo angafanane ndi mdzukulu wathu Favour.

Polowa timavula nsapato. Tisanayambe timawerama. Tikamaliza timaweramanso. Ukafuna kumenya mnzako uyambe wamuweramira, nayenso akuweramire. Kenako timamenya mphepo. Amake Leah, mwezi wonsewu ndamenya mphepo, uku ndikukuwa mawu amene sindidziwa tanthauzo lake. Mphepoyo sinabwezepo.

Ndinafunsa aphunzitsi, amene timawatchula kuti Sensei, m'Chizungu changa chothyokathyoka, kuti munthu akakugwira miyendo yonse iwiri umatani. Anati, "Usamulole afike pafupi." Ndinati, nanga atafika kale? Anati zimenezo ndi za a lamba wabulawuni. Ndinati lamba ameneyo amagulitsa sitolo iti? Ana onse kuseka. Akuti sagula, amachita kudikira zaka. Ine ndili ndi mpaka Disembala.

Komabe mwina akudziwa chimene akuchita. Munthuyo amaswa thabwa ndi dzanja, ndinaona ndi maso angawa. Koma thabwalo amaligwira anthu awiri kuti lisasunthe. Ine adzandigwirire Geresomo ndani?

Za dzuwa lawononga mapira ndamva. Mwamuna wa Leah akonze khola mbali ya kumtsinje, afisi sadikira kuti ine ndibwere. Funso langa lija simunayankhe.

Kaitano


Germiston, 26 Meyi 2024

Amake Leah,

Moni nonse. Kuno chisanu chayamba, ndipo chifuwa chija chikundidzutsa m'mawa kuposa wotchi. Si kanthu. Inu mwadzuka bwanji?

Mutu wanga wazungulira. Ndinati ndisaike mtima pa karate yokha, ndikaonenso kwina. Ndinayamba ku nkhonya. Mphunzitsi wake, mphuno yophwanyika, anayang'ana imvi zanga n'kunena kuti ndibwere ndi kalata ya kukiliniki. Kukiliniki namwino atandimanga mkono amvekere, "Baba, BP yanuyi ikugwetsani yokha musanalowe m'bwalo." Mphunzitsiyo anandimvera chisoni n'kundilola kumenya thumba lolendewera lija kamodzi. Dzanja linatupa, sabata yonse ndasesa ndi lamanzere.

Mlonda wa pageti pathu ndi Mzulu. Iye akuti zonsezi ndi za m'mafilimu, mwamuna ndi ndodo ziwiri, ina yotchingira ina yomenyera. Anandionetsa kuseri kwa mabini. Anandigogoda pamutu, ndodo yanga ndisanaikweze n'komwe. Ndewu yake ndi yoona, sindikukana. Koma taganizani ine ndikulowa mumsika wa Chapananga ndi ndodo ziwiri. Adzati Joni yamupengetsa mkulu uja. Ndiponso Geresomo sanabwere ndi ndodo tsiku lija.

Loweruka lapitali ku holo ya khonsolo kunabwera mayi wina, akuti kale anali wapolisi, kudzaphunzitsa kudziteteza ulere. Amuna tinalipo awiri, ena onse amayi. Iye ndiye anandisokoneza zedi. Akuti malamba onse aja sathandiza pamsewu. Akuti uziona msanga, ukuwe, chikwama uponye uko iwe uthawire uku. Anatigawira mawezulo. Ndinaimika dzanja. Ndinati, nanga amene ukumuthawayo akakhala mlongo wa mkazi wako? Holo yonse kugwa nako kuseka. Iye anati, "Baba, imeneyo ndi ya akuluakulu a banja, si yanga."

Ngati kuthawa ndi luso, ndiye kuti ine lamba wakuda ndinavala kalekale.

Ndabwerera ku karate poti ndinalipira kale. Koma amene akunena zoona ndani? Onse amalankhula motsimikiza, ndipo palibe amene anaponyedwapo m'dibi.

Shuga wa kuno ndaika mapaketi angapo m'katundu wa Elias, ndamva kuti kumeneko wakwera. Wezulo ndaikamonso, mupatse Favour azipita nayo kusukulu. Mawu anu pafoni Lamulungu lija anali otopa. Mukugona bwino?

Kaitano


Germiston, 7 Julayi 2024

Amake Leah,

Muli bwanji? Ine ndili moyo. Zilembo zikhotakhota chifukwa ndikulemba chogona.

Mwezi uno sindituma kanthu. Foni ija kulibe. Nsapato zachikopa zija kulibenso. Mukafuna kundipeza muziimba ya Humphrey.

Sindinafune kulemba izi, koma Elias wandiona nkhope, ndipo Elias sasunga nkhani. Bola mumve kwa ine. Linali Loweruka masana, anthu ali piringupiringu pa renki. Anyamata atatu. Mmodzi anaima kutsogolo kwanga n'kunena kuti, "Madala, foni." Sindinaope, Mulungu ndi mboni. Mumtima ndinati lero ndione ngati marandi anga anapita pabwino. Ndinabweza mwendo kumbuyo monga anatiphunzitsira. Kenako thupi langa linachita chinthu chimene sindinalitume. Linawerama. Manja m'mbali, mutu pansi, mwaulemu wonse, ngati ndili mu holo muja.

Mnyamatayo anayamba wadabwa. Mnzake ananena m'Chizulu kuti mdalayu akutipempherera. Wachitatu, amene sindinamuone, anandikoka miyendo chakumbuyo. Miyendo yomweyo, amake Leah.

Humphrey atabwera kuchipatala anati, "Madala, mwina akanakubwezerani ulemu mukanayamba mwavula nsapato." Ndinati nsapato anandivula okha. Anaseka mpaka namwino anamutulutsa. Koma ndi iye amene akundiphikira ndi kundisesera kuntchito asanapite kuntchito kwake, ndiye ndamukhululukira.

Sensei ndamutumizira uthenga. Akuti ndinalakwitsa ndine, kuwerama ndi kwa mu holo mokha. Nanga bwanji sanatiphunzitsepo tsiku limodzi losawerama? Zovala zoyera zija Humphrey akuti adzazigulitsa kwa a Zioni.

Nthiti ziwiri ndizo zathyoka. Anandijambula pachifuwa, ndipo dokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali kuposa mmene nthiti ziwiri zimafunira. Akuti ndidzabwerenso. Zina tidzakamba pamaso.

Leah musamuuze. Makamaka mlongo wanu asamve.

Kaitano


Germiston, 8 Seputembala 2024

Amake Leah,

Pepani ndakhala chete. Ndikhulupirira muli bwino. Ine nthiti zagwirana, ntchito ndayambanso, ndipo ndili ndi nkhani yabwino.

Ndaipeza. Ndi ya ku Brazil ija, jujitsu. Amaphunzitsira m'galaja ina, mphunzitsi wake ndi wa ku Congo, Mkongo wamfupi, makutu ofufuma ngati zitumbuwa. Tsiku loyamba ndinafuna kubwerera pakhomo. Amuna akuluakulu akugubuduzana pansi atakumbatirana! Ndinati ndalowa malo olakwika. Koma ndinalimba mtima n'kufunsa funso langa lija la miyendo. Iye sanayankhe ndi pakamwa. Anaitana Mbunu wina wamkulu ngati chitseko n'kumuuza kuti amugwire miyendo. Mbunu atangowerama, Mkongo anaponya miyendo yake kumbuyo n'kumugwera pamsana ndi chifuwa. Mbunu nkhope pansi. Amake Leah, zaka zonsezi, yankho lake linali lalifupi chonchi.

Sanandilole kuyesa msanga. Anayamba wandiphunzitsa kugwa. Kulipira kuti ndiphunzire kugwa, ine amene ndinagwa ulere pamaso pa midzi yonse! Akuti chibwano pachifuwa, mkono umenye pansi, mutu usafike. Akuti pa msinkhu wanga chimene chidzandimenye kawirikawiri si munthu koma nthaka. Kulinso lamulo lakuti mnzako akakupana, umugogode ndi dzanja, akusiya. Ndinafunsa ngati anyamata a pa renki amalidziwa lamulo limeneli. Anati ayi. Ndiye kuti nayonso ili ndi kuwerama kwake. Sindikudziwa.

Koma za miyendo zija zikugwira. Dzulo Humphrey anati, "Bwerani madala, ndikhale Geresomo wanu." Anawerama. Ine miyendo kumbuyo, chifuwa pamsana. Anakuwa, "Mayo! Ndagogoda, ndagogoda, mundiphera ana!" Ketulo yathyoka chogwirira. Ine ndinakhosomola mpaka misozi, koma ndinali pamwamba.

Tsopano chimene chikundisautsa. Uthenga umene Leah watumiza pafoni ya Humphrey ukuti ndifunse mtengo wa njinga ya olumala ndi matewera a akuluakulu. Za ndani? Mwagwa kodi? Ndi chifukwa chake mawu anu akhala otopa miyezi yonseyi? Amake Leah, ngati ndi inu musandibisire. Ndisiya jujitsu ndi ntchito yomwe, ndikwera thiraki ya Elias sabata ino. Ndiyankheni msanga.

Mwamuna wanu,
Kaitano


Germiston, 6 Okutobala 2024

Amake Leah,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo. Ine sindili bwino.

Munandiyankha kuti, "Si ine, ndi munthu wina wa pamudzi." Lero Elias anabwera kudzatenga katundu. Akumwa tiyi wanga amvekere, "Koma alamu anu aja akupezako bwino, ulendo wathawu ndinawapeza pakhonde panu akuwothera dzuwa." Ndinati pakhonde pa yani? Anaika kapu pansi. Anati, "Aa, akulu, ine ndimayesa mukudziwa."

Wandiuza zonse. Akuti Geresomo anagwa m'munda mwake mu Meyi akuingitsa mbalame m'mapira. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, mawu satuluka. Poti mkazi wake anamwalira ndipo ana ake ali ku Tete, inu munakamutenga pangolo. Akugona m'chipinda chimene ndinati ndidzaikamo katundu wanga, pansi pa malata amene ndinagula ndi tsache la kuno.

Mu Meyi! Ndiye kuti pamene ine ndinkaweramira matsotsi pa renki, munthuyo n'kuti mukumumwetsa phala ndi supuni. Bwanji simunanene? Munaopa kuti sindibwera? Kapena munaopa kuti ndibwera?

Ndi mlongo wanu, ndikudziwa. Mukanamusiya m'munda ndikanakudabwani. Koma ine nditani tsopano? Ndasenza chinthu ichi mpaka nthiti kuthyoka, ndipo pokachitula palibe.

Madzulo ndinapita kwa Mkongo uja. Ndinati, munthu wokhala pampando, dzanja limodzi lakufa, amalimbana naye bwanji? Anandiyang'ana. Anati, "Papa, wakuchitani chiyani ameneyo?" Ndinati anandiponya m'madzi a ng'ombe. Anati, "Liti?" Nditamuuza chaka chake anakhala pansi. Anati, "Pano timaphunzitsa kudziteteza kwa munthu amene akubwera. Wanuyo sakubwera." Ndinati amabwera m'mawa uliwonse ndikatsegula botolo la mankhwala opopera maluwa. Anangopukusa mutu. 

Kuchipatala ndinapitanso. Anatenga magazi ndi zina. Mtengo wa njinga sindinafunse.

Kaitano


Germiston, 17 Novembala 2024

Amake Leah,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Leah ndi adzukulu, ndi wodwala wanuyo. Za moyo wanga lero ndinena zoona, chifukwa kubisirana kwatikwana tonse awiri. Dokotala uja wanena. Si nthiti, si chisanu. Dzina lake ndi lalitali, Humphrey ndiye analigwira. Akuti mankhwala awo angochepetsa ululu, ndipo ngati ndili ndi kwathu ndipite ndikadayenda ndekha. Abwana andilola kusiya kumapeto kwa mwezi uno. Elias akunyamuka sabata yotsatira, mtsinje wa Mwanza usanadzaze.

Njinga ndagula, yogwiritsidwapo kale, tayala limodzi limalira. Matewera aliponso. Musayese mphatso. Ili ndi ntchito yake, muimva.

Humphrey anandifunsa akundimangira katundu, "Ndiye madala, mwazungulira Joni yonse, yabwino ndi iti?" Ndinati sindikudziwa. Mwina ya mayi wa mawezulo uja. Anati, "Ine ndinanena kale kuti bawo." Koma sanaseke.

Lachinayi ndinapita kugalaja kukatsanzika. Ndinapempha Mbunu uja kuti andigwetse kotsiriza. Anandigwetsa mofatsa ngati akuika dzira m'mbale. Ndinagwa bwino, chibwano pachifuwa, Mkongo mpaka anawomba m'manja. Koma kudzuka kunakanika. Mpweya unathawa. Kumeneko ali ndi chizolowezi chimene sindinakuuzeni chifukwa chinkandinyansa. Amene wakugwetsa ndi yemweyo amakupatsa dzanja kuti udzuke. Masiku onsewa ndinkalikankha dzanjalo, ndinkaona ngati chipongwe. Tsiku limeneli ndinaligwira. Anandikoka, anandisasa pamsana, amvekere, "Shapu, madala." Basi. Ine ndinapita kuseri kwa galaja n'kukhala kumeneko nthawi yaitali. Chimene chinandigwira sindikuchidziwa.

Pali chimene sindinauzepo munthu. Tsiku lija m'dibi ndinatuluka ndekha. Ndinasambira m'mankhwala mpaka kumapeto, n'kukwera chokwawa potulukira ng'ombe, ng'ombe ya munthu ikundigunda kumbuyo. Amuna onse aja, panalibe amene anatambasula dzanja.

Elias akuti dibilo linauma kalekale, mwamera zitsamba, koma likadalipo. Akutinso dzanja lamanzere la Geresomo likugwira, amadyera lomwelo, ndipo zonena anthu amamva.

Mumuwerengere kalatayi pang'onopang'ono. Akavomera agwedeze mutu, Leah aimbe foni ya Humphrey. Akakana, Elias abweretsa njinga yokha, ine Humphrey adziwa pondiika.

Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi. Ng'ombe sindikufuna. Pepani sindikufuna, pakamwa pake pomwe sipatulutsa mawu. Tsiku la msika, dzuwa lisanatenthe, mumukweze panjingayo mumukankhe mpaka kudibi. Muitane onse amene analipo amene akadali moyo, ndi a ndevu aja omwe. Ine ndidzatsikira m'dzenjemo ndekha, n'kuima pamene dzanja lingafike. Iye atambasule lamanzerelo anditulutse. Ngati mphamvu zachepa, inu mugwire njinga, Leah amugwire m'chiuno, ine ndidzadzikankha ndi miyendo.

Koma dzanja likhale lake.

Ndine mwamuna wanu,
Kaitano